Funso limene silifunsidwa pa kiliniki ya BP ndi shuga

Pa tsiku la kiliniki ya BP ndi shuga, mabenchi a pachipatala cha boma amadzaza dzuwa lisanakwere. Ambiri okhala pamenepo ndi achikulire: agogo aakazi afunda zitenje ziwiri chifukwa cha kachisanu ka m'mawa, agogo aamuna atsamira ndodo, chipewa chili pabondo. Aliyense wagwira buku lake la kuchipatala. Ena alikulunga m'jumbo kuti lisanyowe, ndipo masamba ake afewa ndi kugwiridwagwiridwa. Odwala shuga abwera osalawa kanthu kuti akabayidwe chala. Ena atsika pa kabaza, ndalama yobwererera ataimanga pamfundo ya chitenje.

Mzere ukayamba kuyenda, zonse zimachitika mofulumira. Kukwera pasikelo. Lamba wa BP pamkono, kufufuma, kuphwa. Kadontho ka magazi pa kamakina. Manambala alembedwa m'buku, adokotala ayang'ana n'kufunsa, "Mankhwala mukumwa, agogo?" Agogo avomera. Alemberedwa ena, auzidwa tsiku lodzabweranso, ndipo wotsatira walowa kale. Palibe wouma mtima pamenepa. Panja pali khamu, wogwira ntchito ndi mmodzi kapena awiri.

Koma pali funso limene kawirikawiri silimveka m'chipindamo: "Nanga mumtima muli bwanji, agogo? Tulo mukupeza? Chilipo chimene chikukusangalatsani masiku ano?" Ine ndikuona kuti funso limeneli n'lofunika mofanana ndi lamba wa BP uja. Ndipo ngati mafoni ndi matabuleti amene akugawidwa kwa azaumoyo a m'midzi ali ndi ntchito yaikulu yoti agwire pa okalamba athu, ntchito yake ndi yoonetsetsa kuti funsoli lafunsidwa, ndiponso kuti yankho lake latsatiridwa mpaka munthu atapeza thandizo.

Si ukalamba chabe

Matenda ovutika maganizo, amene madokotala amawatcha depression, si chisoni cha tsiku limodzi kapena cha pamaliro. Munthu amatha masabata awiri kapena kuposerapo ali wokhumudwa pafupifupi tsiku lonse, zimene ankazikonda zitasiya kumukoma. Tulo timasowa kapena timachuluka, chakudya sichilowa, thupi limalefuka, mutu sugwira zinthu, ndipo ena amafika poganiza kuti kuli bwino atangofa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwa anthu 100 alionse a zaka 60 kupita m'tsogolo, pafupifupi 14 ali ndi vuto lina la maganizo, ndipo kuvutika maganizo ndi nkhawa ndiwo amapezeka kwambiri pakati pawo.

Pakakhalanso matenda okhalitsa m'thupi, chiopsezo chimakwera. Kafukufuku wa m'mayiko ambiri wasonyeza kuti wodwala shuga amagwidwa ndi vutoli pafupifupi kawiri poyerekeza ndi mnzake amene alibe shuga. Mwa anthu atatu amene achita sitiroko, pafupifupi mmodzi amadzavutika maganizo pambuyo pake.

Matenda awiriwa amakokana. Shuga amafuna munthu wolimba mtima tsiku ndi tsiku: kumwa metformin nthawi yake, kuchepetsa mitanda ya nsima, kumwa tiyi wopanda shuga pamene anzako akuthira masupuni atatu, kuyendako, kuyang'ana mapazi madzulo alionse ngati pali kabala. Zonsezi amazichita munthu amene akuona kuti mawa lili ndi phindu. Mtima ukafooka, mapiritsi amagona pawindo, tsiku la kiliniki limadutsa. Shuga akakwera maso amachita chidima, kabala ka kuphazi kamakana kupola, ndipo agogo amasiya kupita kumunda, kutchalitchi kapena kumzikiti, ngakhale kukacheza kwa anzawo. Akakhala okha maganizo amawonjezeka. Akabwerera kuchipatala, manambala ali m'mwamba, amawonjezeredwa mankhwala, mwina n'kudzudzulidwa kuti sakumvera malangizo. Gwero la vutolo palibe walikhudza.

Chovuta china n'chakuti munthu wamkulu sanena kuti wakhumudwa. Amanena za thupi. "Thupi lonse likuphwanya." "Mtima ukugunda kwambiri usiku." "Mutu ukulemera, mwanangu." Amapatsidwa panado, kapena amayezedwa malungo osapezeka. Kunyumba ana amati, "Ndi ukalamba umenewo," kapena, "Agogo amangoganiza kwambiri." Akayamba kuiwalaiwala, onse amati mutu wayamba kusokonezeka, chonsecho kuiwala kwina kumabwera ndi kuvutika maganizo ndipo kumachepa munthu akathandizidwa.

Ndipo kwathu kuno pali ngozi ina imene mabuku a madokotala akunja satchula kawirikawiri. Agogo amene adzitsekera m'nyumba, osapereka moni, osaoneka pamaliro, nthawi zina n'kumayankhula okha, sachedwa kulozedwa chala. Mu Januwale 2016, okalamba anayi anaphedwa ku Neno powaganizira ufiti. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba, ndipo ndi chinthu chabwino, koma lamulo silingafike pakhonde lililonse. Munthu wa m'mudzi momwemo amene angathe kuuza abale kuti "agogowa akudwala, ndipo matenda ake ali ndi thandizo" amateteza moyo m'njira imene khoti silingathe.

Tikumbukirenso kuti okalamba a lero ndi ndani. Ambiri anaika m'manda ana awo m'zaka zimene Edzi inkakolola anthu, n'kulera zidzukulu ndi khasu lomwelo. Ena anayamba kumwa ma ARV boma litayamba kuwapereka ulere mu 2004, ali ndi zaka za m'ma 40, ndipo lero akalamba ali pa mankhwalawo, BP ndi shuga zitabweranso pamwamba. Kafukufuku wa boma ndi WHO wa mu 2009 anapeza kuti mwa akuluakulu atatu alionse a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi mmodzi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ambiri osadziwa n'komwe. Anthu amenewo tsopano akukalamba. Ana awo ali m'tauni kapena ku Joni, amatumiza kangachepe pafoni, koma pakhomo pali zii.

Akatswiri a matenda a maganizo ndi ochepa kwambiri m'dziko muno. Chipatala chachikulu cha boma cha matendawa chili ku Zomba, ndipo a St John of God amathandiza ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Agogo a ku Nsanje kapena ku Chitipa sangakwere basi kupita kumeneko chifukwa cha kusowa tulo, ndipo si koyenera kutero. Ndiye awafunsa ndani?

Zimene zinachitika ku Guarulhos

Dziko la Brazil linayesa kuyankha funso lomweli. Guarulhos ndi mzinda wa anthu oposa miliyoni imodzi woyandikana ndi São Paulo, kumene kuli bwalo lalikulu la ndege, ndipo madera ake ambiri ndi a anthu osauka. Kumeneko zipatala zazing'ono za boma zili ndi azaumoyo oyenda khomo ndi khomo, anthu a m'dera momwemo, ofanana kwambiri ndi alangizi a zaumoyo athu. Gulu la akatswiri lotsogoleredwa ndi Marcia Scazufca ndi Ricardo Araya linakonza ndondomeko yotchedwa PROACTIVE, yothandiza anthu a zaka 60 kupita m'tsogolo amene akuvutika maganizo. Anaiyesa pa anthu 715 a m'zipatala 20.

Azaumoyowa sanali madokotala kapena akatswiri a maganizo. Anaphunzitsidwa kwa nthawi yochepa n'kupatsidwa tabuleti yokhala ndi pulogalamu yapadera. Kwa masabata 17 ankapita kunyumba kwa wokalambayo, kukhala naye pansi, tabuleti ili pakati pawo. Pulogalamuyo inkatsogolera macheza kuti wazaumoyo asasochere: inkamukumbutsa zofunsa, inkaonetsa timakanema tofotokoza matendawa m'njira yosavuta, ndipo inkasunga mayankho kuti ulendo wotsatira aone ngati munthu akupezako bwino. Amene sankasintha ankayenderedwa maulendo ochulukirapo.

Chimene ankaphunzitsana pa machezawo n'chosavuta kumva, ngakhale kuti kuchichita kumafuna khama. Munthu wovutika maganizo amasiya zochita zake poganiza kuti adzayambiranso mtima ukadzakhala m'malo. Koma mtima sukhala m'malo munthu atangokhala. Choncho amayamba ndi zochita, mtima n'kumatsatira pambuyo. Wazaumoyo ndi agogo amagwirizana kanthu kamodzi kakang'ono kochita sabata imeneyo, kamene agogowo ankakakonda kale ndipo thupi lawo lingakathe: kuthirira maluwa, kukaona mnzawo wapafupi, kupita ku mapemphero. Ulendo wotsatira amafunsana kuti zinayenda bwanji, ndipo ngati sizinatheke, chinaletsa n'chiyani.

Zotsatira zinatuluka mu 2022. Patatha miyezi isanu ndi itatu, pafupifupi 62 mwa 100 alionse amene anayenderedwa motere anali atachira, pamene kwa amene analandira chithandizo cha masiku onse anali 44. Kusiyanaku kunalipobe patatha chaka. Ndipo zimenezi zinatheka ngakhale mliri wa Covid-19 unasokoneza ntchitoyo pakati.

Akatswiri omwewa anafunsanso kuti: nanga titachotsapo munthu n'kusiya foni yokha? Anakonza mauthenga 48, ena a mawu omvetsera ndi ena a zithunzi, otumizidwa pa WhatsApp kwa masabata asanu ndi limodzi. Anawatcha Viva Vida. Anasankha mawu omvetsera podziwa kuti okalamba ambiri sawerenga bwino. Mwa anthu 603 amene analowa m'kafukufukuyu, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2024, pafupifupi 42 pa 100 alionse olandira mauthengawo anapezako bwino patatha miyezi itatu, poyerekeza ndi 32 a gulu lina limene silinatumiziridwe mauthenga 48 aja. Thandizo linalipo ndithu, ndipo mtengo wake ndi wochepa zedi. Koma ankalowamo ndi okhawo amene anali kale ndi foni ya WhatsApp ndipo amatha kuigwiritsa ntchito.

Kafukufuku wachitatu ndiye amene ayenera kutichenjeza. Ku São Paulo ndi ku Lima m'dziko la Peru anayesa pulogalamu ya pafoni yotchedwa CONEMO pa anthu odwala BP kapena shuga amene ankavutikanso maganizo. Wodwala ankatsatira yekha maphunziro 18 pafoni kwa masabata asanu ndi limodzi, anamwino akungomuthandiza mwa apo ndi apo. Patatha miyezi itatu zinkaoneka bwino: ku São Paulo pafupifupi 41 pa 100 vuto lawo linatsika ndi theka poyerekeza ndi 29 mwa amene sanagwiritse ntchito pulogalamuyo, ku Lima 53 poyerekeza ndi 34. Koma pofika miyezi isanu ndi umodzi, kusiyana kuja kunali kutazimiririka.

Akafukufuku atatuwa sanayeze zinthu mofanana, choncho manambala awo sitingawaike pasikelo imodzi. Komabe pali chimene ine ndikutolapo. Pamene tabuleti inali m'manja mwa munthu amene amagogoda pachitseko, kukhala pansi, n'kudzabweranso sabata yamawa, phindu linakhalitsa. Wokalamba wodwala amene akusowa wocheza naye, mbali ina ya mankhwala ake ndi kubwera kwa munthuyo. Makina amathandiza kuti mlendoyo adziwe choyankhula ndiponso asaiwale kubwerera.

Benchi la ku Harare, kiliniki ya ku Neno

Kuno kwathu kum'mwera kwa Africa, phunziro lomweli linabwera kudzera pa benchi lamatabwa. Dixon Chibanda, dokotala wa matenda a maganizo ku Zimbabwe, wakhala akufotokoza poyera za wodwala wake wina amene anadzipha atalephera kubwerera kuchipatala chifukwa chosowa ndalama ya basi. Cha m'ma 2006 anayamba kugwira ntchito ndi agogo aakazi 14 a ku Mbare mumzinda wa Harare, amene anali kale azaumoyo a m'dera. Anawaphunzitsa kukhala pa benchi panja pa kiliniki, kumvetsera munthu, kumuthandiza kusankha vuto limodzi mwa ambiri amene amuzinga, n'kupeza naye njira yolithetsera. Ndiyo Friendship Bench. Kafukufuku wa mu 2016, wa anthu 573 m'makiliniki 24, anapeza kuti patatha miyezi isanu ndi umodzi, pafupifupi 14 pa 100 mwa amene anakhala pa benchi anali akadali ndi zizindikiro za matendawa, pamene kwa amene sanakhale pa benchi anali pafupifupi theka. Foni inalipo, koma kumbuyo: yolumikizira agogowo ndi owayang'anira, ndi yokumbutsira odwala.

Ambiri amene anathandizidwa m'kafukufukuyu anali achinyamata ndi a zaka zapakati, osati okalamba. Chimene chimandikhudza ine ndi mbali inayo. Ochiritsawo anali agogo. Tikamakamba za okalamba timazolowera kuwaona ngati olandira okhaokha, chonsecho m'midzi mwathu muli aphunzitsi opuma, amayi a mvano, anankungwi ndi akuluakulu a mipingo ndi mizikiti amene akhala akumvetsera mavuto a anthu moyo wawo wonse. Agogo aamuna a zaka 75 sangamasuke msanga kuuza mtsikana wa msinkhu wa mdzukulu wawo kuti usiku amalira. Kwa mnzawo wa msinkhu umodzi akhoza.

Malawi sakuyambira pansi. Michael Udedi ndi anzake anayesa mafunso asanu ndi anayi ofufuzira matenda ovutika maganizo, otchedwa PHQ-9, pa odwala shuga m'makiliniki a ku Lilongwe n'kusonyeza kuti amagwira ntchito m'Chichewa. Mafunsowa amafunsa za masabata awiri apitawo, ndipo mapointi ake amachokera pa 0 kufika 27. Njira ya Friendship Bench yayesedwanso m'makiliniki ena a m'dziko muno, a HIV ndi a matenda osapatsirana.

Ku Neno, komwe kuja kunaphedwa okalamba anayi, ndi kumenenso kwachitika ntchito yopatsa chiyembekezo. Bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo, nthambi ya Partners In Health, lakhala likugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo m'bomali kuyambira 2007. Mu 2015 anaphatikiza makiliniki a matenda okhalitsa kukhala amodzi, moti wa HIV, wa BP, wa shuga, wa mphumu, wa khunyu ndi wa matenda a maganizo amaonedwa malo amodzi tsiku limodzi. Agogo amene ali ndi matenda atatu sayenda maulendo atatu m'misewu yamapiri ija, ndipo palibe angadziwe kuti wakhala pa benchiyo wabwerera chiyani. Azaumoyo a m'midzi amayendera mabanja mwezi ndi mwezi, ndipo ena amagwiritsa ntchito pulogalamu ya pafoni yotchedwa YendaNafe polemba za maulendowo ndi potumiza odwala kuchipatala.

M'zipatala 14 za m'bomali anawonjezera kufufuza matenda ovutika maganizo pa makiliniki amenewa, n'kumapereka uphungu wa m'magulu wokonzedwa ndi WHO komanso mankhwala kwa ofunika mankhwala. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2024, zinasonyeza kuti odwala anapezako bwino ndipo anayambiranso kugwira ntchito zawo. Chinanso chimene anapeza n'chakuti a pabanja pawo nawonso maganizo awo anapepukidwa. Aliyense amene anadwazikapo kholo lake sangadabwe nazo.

Tabuleti ya alangizi

Unduna wa Zaumoyo wakhala ukufalitsa m'maboma pulogalamu ya iCHIS, imene alangizi a zaumoyo amalembamo za mabanja a m'dera lawo pa tabuleti kapena pafoni m'malo mwa mabuku akuluakulu aja. Palinso Chipatala Cha Pa Foni, chimene chinayamba ku Balaka mu 2011 ndi bungwe la VillageReach chisanaperekedwe m'manja mwa boma. Njira zilipo kale. Koma ntchito ya alangizi kuyambira kale inamangidwa pa ana ndi amayi: sikelo, katemera, kulera, zimbudzi, kolera. Zonsezo n'zofunika ndipo zapulumutsa miyoyo yambiri. Kungoti mlangizi akafika pakhomo kudzaona mwana, agogo amene akhala pamkeka pakhonde amapatsidwa moni basi.

Kuwonjezera mafunso awiri oyambirira a PHQ-9 mu tabuleti si ntchito yaikulu. Loyamba limafunsa ngati munthu wasiya kusangalala ndi zinthu, lachiwiri ngati wakhala wokhumudwa kapena wopanda chiyembekezo. Wokonza mapulogalamu akhoza kuwaikamo mosavuta. Chovuta chili pa zimene zimatsatira, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo.

Funso lachisanu ndi chinayi limafunsa ngati munthu waganizapo kuti kuli bwino atafa kapena zodzivulaza. Tiyerekeze kuti agogo ayankha kuti inde. Mlangizi ali pa mtunda wa makilomita ambiri kuchokera kuchipatala, ali ndi njinga yakapalasa, netiweki ikubwera n'kumapita. M'nyumbamo muli mankhwala a mbewu ndi mapiritsi a miyezi iwiri. Achite chiyani? Aimbire ndani, ndipo woimbiridwayo ayankha? Ngati pulogalamu ingolemba nambala n'kuitumiza ku likulu kuti ikalowe mu lipoti, ndiye kuti tavundukula chilonda n'kuchisiya osamanga. Tisanayambe kufunsa, pakhale dzina la namwino kapena kiliniko wa pachipatala chapafupi amene waphunzitsidwa, pakhale mayunitsi oimbira, ndipo mlangizi adziwe zoyenera kuchita pompopompo: kusamusiya yekha munthuyo, kupeza wachibale wodalirika, kuchotsa zinthu zoopsa m'nyumba.

Kenako chinsinsi. Pakhonde la kumudzi sipakhala anthu awiri okha. Mlendo akafika, apongozi amabwera ndi mpando, ana amazungulira kudzaona tabuleti. Agogo sanganene pamaso pa mpongozi wawo kuti chimene chikuwadya ndi mmene akuwasungira pakhomopo. Mlangizi ayenera kuphunzira kupempha mwaulemu kuti, "Tiloleni ticheze pang'ono ndi agogo patokha." Foninso nthawi zambiri si ya agogo okha. Imakhala ndi mdzukulu, ndiye amapita nayo kokatchaja pa sola ya kugolosale, ndiye amatsegula mauthenga. Uthenga wonena za matenda a maganizo ukafika pa foni yotero, mawa mudzi wonse wamva kuti agogo apenga. Amene akufuna kutengera za Viva Vida kuno ayambe aganizira zimenezi, komanso kuti okalamba ambiri a m'midzi ali ndi foni ya mabatani kapena alibiretu, maso akuchita ng'ala, makutu akumva patali. Mawu omvetsera a m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe kapena Chisena, omvera limodzi ndi mlangizi kapena pa wailesi ya m'dera, angafike patali kuposa pulogalamu yofuna intaneti.

Za mankhwala nazonso zimafuna kusamala. M'zipatala zathu mankhwala odziwika a vutoli ndi amitriptyline ndi fluoxetine. Amitriptyline ndi wotchipa ndipo amagwira ntchito, koma kwa munthu wokalamba amatha kubweretsa chizungulire poimirira, kugwa, kudzimbidwa, kuvutika pokodza, ndipo ndi woopsa kwa amene ali ndi vuto la mtima. Agogo amene akumwa kale mankhwala otsitsa BP akhoza kugwa usiku popita kuchimbudzi n'kuthyoka chiuno. Apa makina angathandize kwenikweni: pulogalamu imene ikudziwa zaka za munthu ndi mankhwala onse amene akumwa ikhoza kuchenjeza wolemba mankhwala asanalembe. Mankhwalawa amatenganso masabata angapo asanayambe kuoneka mphamvu yake, ndipo ambiri amawasiya msanga poganiza kuti sakugwira. Foni yokumbutsa mlangizi kuti "kawaoneni agogo aja, patha masabata awiri" ikhoza kupulumutsa chithandizo chonsecho. Koma zonsezi zilibe ntchito ngati ku famase kulibe mankhwalawo.

Sitingaiwalenso mlangiziyo. Ndondomeko ya boma imafuna mlangizi mmodzi pa anthu 1,000, koma m'madera ambiri amasamalira ochuluka kuposa pamenepo. Bungwe lililonse likabwera limamusenzetsa katundu wake, nthawi zina ndi foni yakeyake ndi pulogalamu yakeyake, ndipo thandizo la ndalama likatha mafoniwo amafera m'madilowa, batire itafufuma. Kumvetsera mavuto a anthu kumalemetsanso mtima wa womvetserayo. Ku Guarulhos ndi ku Harare omwe, azaumoyo anali ndi owayang'anira okambirana nawo nkhani zovuta. Popanda zimenezo, tidzangowonjezera mafunso amene mlangizi wotopa azidzadina "ayi, ayi" ali panjira, kuti fomu itseke.

Ndipo pali mavuto amene uphungu pawokha sungathetse. Agogo ena akusowa tulo chifukwa nkhokwe ilibe kanthu, denga likudontha, kapena achibale awalanda munda. Anthu a m'maboma a kum'mwera amene anataya abale ndi nyumba pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 ali ndi zifukwa zooneka ndi maso. Njira ya pa benchi ija imathandiza chifukwa imayambira pa vuto lenilenilo, ndipo tabuleti yabwino iyenera kukhala ndi njira yotumizira munthu ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, ku Mtukula Pakhomo, kwa amfumu kapena kupolisi ngati akuzunzidwa, osati kuchipatala kokha.

Poyambira pabwino ndi pa kiliniki ya matenda okhalitsa, chifukwa okalamba odwala amabwera kale okha, ndipo amadikira nthawi yaitali pa benchi. Wophunzitsidwa mmodzi, kaya ndi mlangizi kaya wodzipereka wachikulire, akhoza kumawaitanira pambali mmodzimmodzi asanalowe kwa adokotala n'kufunsa mafunso awiri aja. Amene ayankha kuti inde afunsidwe onse asanu ndi anayi, nambala yake ilembedwe m'buku la kuchipatala pafupi ndi ya BP ndi ya shuga kuti adokotala aione, ndipo dzina lipite pa tabuleti ya mlangizi wa kumudzi kwawo kuti akawayendere sabata isanathe. Ku Neno asonyeza kuti mbali yaikulu ya zimenezi ndi yotheka m'zipatala za boma za kumudzi. Chatsala n'chakuti Unduna wa Zaumoyo uike ndalama zake mu bajeti ya maboma ena 27, kuphatikizapo malipiro a aphungu, mayunitsi ndi fluoxetine wokwanira chaka chonse.